Musanatsike M'dzenje la Golide

Adzukulu anga,

Amayi anu andiuza kuti mwagulitsa mbuzi n'kugula mapiki, mafosholo ndi chingwe, ndipo mukungodikira kuti chimanga chilowe m'nkhokwe kuti muzipita kokumba golide. Iwo amafuna ndikuletseni, koma ine sindikuletsani. Mtengo wa thumba la feteleza ndikuudziwa, ndipo mnyamata wa msinkhu wanu sangamangokhala pakhonde kudikira ganyu. Nanenso ndili ngati inu ndinakwera ndege ya Wenela kupita ku Joni, ndipo malata ali panyumba panowa anachokera pansi pa nthaka. Koma popeza ndinatsikamo mumgodi, pali zoti ndikuuzeni musananyamuke. Zambiri mwa izo si nzeru zanga ayi. Ndi zimene maboma anafufuza, kuyeza ndi kulemba, nthawi zambiri ataika kale anthu m'manda.

Ndiyambe ndi funso limene anyamata safuna kulimva: pamene mukukakumbapo mwadziwa bwanji kuti pali golide? Mwamva kwa mnzanu, mnzanuyo anamva kwa wakabaza, wakabazayo anangoona munthu wagula njinga yamoto yatsopano. Kumalo kumene anthu athamangirako, amene amapeza ndalama tsiku lililonse ndi wophika nsima, wobwereketsa jenereta ndi wogula golide. Wokumba amatha kudya ngongole mpaka mvula kugwa, n'kubwerera kwawo ndi matuza okha m'manja.

Ku Zomba kuli nthambi ya boma yofufuza za miyala, ya Geological Survey. Si ya dzulo. Inayamba mu 1921, pamene katswiri wina dzina lake Frank Dixey anayamba kuyenda m'mapiri a dziko lino, kugumula miyala ndi nyundo ndi kujambula mapu. Iyeyo ndi anzake ndi amene anazindikira m'zaka za m'ma 1930 kuti miyala ya pachilumba cha Chilwa ndi mapiri ena a chigawocho si miyala wamba. Mtundu womwewo wa miyala ndi umene lero wakokera makampani ku Songwe m'boma la Phalombe ndi ku Kangankunde m'boma la Balaka, kukafuna ma rare earth amene amapangira maginito a galimoto zoyendera magetsi. Taonani kutalika kwake: amene anayeza anamwalira kalekale, phindu la ntchito yawo likuyamba kuoneka nthawi ya zidzukulu.

Mu 1984 ndi 1985 ndege zinayendera dziko lino ndi zida zoyezera nthaka, ndi thandizo la UNDP. Zinabweranso mu 2013 ndi 2014 pa ntchito ija anthu anaitcha Kauniuni, ndipo zotsatira zake boma linazitulutsa mu 2015. Mukukumbukira mmene zinkaulukira chapansipansi, kupita n'kubwerera mizeremizere, agalu akuuwa. Ena kuno ankati zikuwerenga golide yense wa m'dziko. Sizinali choncho. Zida zija zimayeza mphamvu ya maginito ya miyala, cheza chochokera ku uranium, thorium ndi potassium, komanso kulemera kwa miyala imene yabisika pansi. Golide sizimuona. Zimangolozera pamene mtundu wa mwala wasintha, kapena pamene pali mng'alu waukulu wakalekale umene madzi otentha a pansi anadutsamo n'kusiyamo zitsulo. Kuchokera pamenepo munthu ayenera kupita wapansi, kutapa mchenga wa m'mitsinje, kugumula miyala, kuboola pansi, n'kukayezetsa zonsezo mu labotale. Uranium wa ku Kayelekera ku Karonga anapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma mgodi unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mtengo utagwa, n'kudzayambanso mu 2025. Ngati anthu a makina ndi ndalama zankhaninkhani amayamba ayeza zaka zambirimbiri asanakumbe, nanga inu amene chuma chanu chonse ndi mbuzi mwagulitsazo?

Ndiye chitani chonchi. Mukafika pamalopo musathamangire kukumba dzenje lakuya. Tengani miyala ya pamzere umene akuti muli golidewo, ndipo muigumule modula mzere wonse kuchokera mbali ino kufika mbali inayo, osangosankha kamwala kokongola kokha, chifukwa kamwala kokongola kamanamiza mwini wake. Thumba lililonse mulembepo pamene mwatenga. Ina sinjani n'kutsuka m'mbale kuti muone nokha. Zonyezimira n'zambiri m'nthaka muno. Timapepala tachikasu topyapyala timene timayandama madzi akagwedezeka ndi mica. Kamwala kachikasu ka ngodyangodya ndi pyrite: mukakamenya ndi nyundo kamanyenyeka n'kusanduka ufa wakuda. Golide weniweni ndi wolemera, amatsalira pansi pa mbale zonse zitapita ndi madzi, ndipo mukamumenya amaphwatalala osasweka. Miyala inayo mupite nayo kwa akatswiri a boma, mufunsenso mapu a dera limenelo. Kuyezetsa kuli ndi mtengo wake, koma sikungafanane ndi kukumba chilimwe chonse pamalo pouma. Chimandipweteka n'chakuti zolemba zambiri za kafukufukuyu zili m'Chingelezi chovuta, ndipo sizifika kwa anthu amene ali m'maenje. Komabe ntchitoyo inachitika m'dzina la dziko lino, ndipo inu ndinu eni dziko. Musachite manyazi kugogoda pachitseko n'kunena kuti tafotokozereni m'Chichewa. Safunsa anadya phula.

Tsopano za dzenje lenilenilo, ndipo apa ndichedwapo.

Pa 21 Januwale 1960 mgodi wa malasha wa Coalbrook ku South Africa unagwa n'kukwirira anthu oposa 430, ambiri a iwo ochokera ku Lesotho ndi ku Mozambique. Palibe mtembo ngakhale umodzi umene unatulutsidwa. Mumgodi wotere amakumba njira n'kumasiya nsanamira za malasha omwewo kuti zigwire denga. Pofuna malasha ochuluka, eni mgodi anayamba kusema nsanamirazo ndi kukumbanso malasha a kudenga, mwakuti nsanamira zinasanduka zazitali koma zowonda. Kumapeto kwa Disembala mbali ina ya mgodi inagwa, ntchito n'kupitirira. Pa tsiku la ngoziyo denga linagwanso chakumasana, anthu ena anathawira kunja, koma anawabweza kuti akapitirize ntchito. Madzulo ake nsanamira mazanamazana zinaphwanyika motsatizana m'mphindi zochepa chabe, chifukwa imodzi ikagonja katundu wake amagwera inzake, inzakeyo n'kugonjanso.

Pofufuza anapeza chinthu chochititsa mantha: panalibe masamu odalirika odziwira kuti nsanamira ikule bwanji kuti isenze mwala wa pamwamba pake. Ankangoyerekeza ndi maso ndi chizolowezi. Boma la dzikolo ndi eni migodi anakhazikitsa kafukufuku, ndipo akatswiri awiri, Salamon ndi Munro, anasanthula malo 125 a m'migodi ya malasha, ena amene anagwa ndi ena amene anaima. Mu 1967 anatulutsa njira yowerengera imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Mutu wake ndi wosavuta: nsanamira ikanenepa imalimba, ikatalika imafooka, ndipo mukamapita pansi kwambiri katundu wake amakula.

Ndakuuzani nkhaniyi chifukwa tsiku lina mudzakumana nayo m'dzenje lanu. Mudzatsata mzere wa golide cham'mbali, mudzasiya nsanamira, ndipo golide akadzayamba kuchepa kutsogolo wina adzaloza nsanamira ija n'kunena kuti umunso muli golide, tingosemako pang'ono. Adzakhala akunena zoona, golide adzakhalamo. Mudzakane. Akadzaumirira, tulukani mumusiye. Chimodzimodzi kufukula kunsi kwa gombe la mtsinje n'kusiya dothi likulendewera pamutu panu: dothi la mchenga silichenjeza nthawi yaitali, ndipo munthu amene lamukwirira mpaka pachifuwa amalephera kupuma anzake akufukula ndi manja. Dothi limene mwatulutsa musaliunjike pamlomo pa dzenje, chifukwa kulemera kwake n'kumene kumagumula khoma. Makoma muzisema mopendekeka kapena mwa masitepe, ndipo pamene pali dothi lofewa muikepo mitengo ndi matabwa, osati nsungwi zofumbwa. Mvula ikagwa usiku, m'mawa mwake yambani mwazungulira dzenje kuyang'ana ming'alu pamwamba. Kukumba m'dzinja ndi kumene kwatha anyamata ambiri, chifukwa dothi lonyowa ndi lolemera ndipo siligwirana.

Kumgodi kumene ndinkagwira, ntchito sinkayamba tisanalankhule ndi denga. Munthu ankatenga chitsulo chachitali, n'kuima pamalo amene ayesedwa kale, n'kumagogoda mwala wa pamwamba pang'onopang'ono akusunthira kutsogolo. Mwala wabwino umalira mwakuthwa, ngwe! ngwe!, ndipo chitsulo chimanjenjemera m'manja. Mwala umene walekana ndi unzake umalira mogonthera ngati ng'oma yonyowa. Woterowo tinkaugwetsa dala ndi chitsulocho titaima patali, kapena kuuchirikiza ndi mzati. Phunzirani kumva kulira kumeneku, ndipo muzigogoda tsiku lililonse, osati tsiku loyamba lokha. Mzati ukayamba kulira thethethe, kapena timchenga tikayamba kuyoyoka kudenga popanda wokhudza, siyani fosholo pomwepo muthawe. Ndipo mukathawa musalole aliyense kukubwezani tsiku lomwelo, kaya ndi mwini dzenje, kaya ndi amene anakukongozani ufa. Kumbukirani amene anabwezedwa ku Coalbrook.

Mpweya nawo umapha mwakachetechete. Dzenje likadzaza madzi mudzafuna pampu, ndipo wina adzati tsitsani injini pansi kuti paipi ifike. Utsi wa injini ya petulo kapena dizilo uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu kuwawa, chizungulire, miyendo kulemera, akhala pansi kuti apumeko, basi osadzukanso. Injini izikhala kunja, kutali ndi mlomo wa dzenje, kumbali kumene mphepo ikupita. Mnzanu akakomoka pansi, mtima udzakuuzani kuti dumphiranimo. Ambiri afa awiriawiri, atatuatatu mwa njira imeneyi. Wotsika azikhala atamangidwa chingwe m'chiuno nthawi zonse, anthu ali pamwamba oti amukoke, ndipo dzenje lakuya muziyamba mwalipemerera mpweya musanatsike.

Wina wa inu akadzapeza ntchito kumigodi ya malasha ya ku Rumphi, monga ku Mchenga kapena ku Kaziwiziwi, adziwenso izi. Mu 1907 mgodi wa Monongah ku America unaphulika n'kupha anthu 362, ndipo ngozi zotere zinachititsa boma la dzikolo kukhazikitsa nthambi ya Bureau of Mines mu 1910. Iwo anakumba mgodi wongoyeserera ku Bruceton pafupi ndi Pittsburgh, namaphulitsa dala kuti aone chimene chimachitika. Anasonyeza poyera kuti fumbi la malasha palokha limaphulika, ndiponso kuti kuwaza ufa wa mwala wosayaka, monga wa laimu, m'njira za mgodi kumaletsa motowo kuyenda. Nzeru imeneyi inalipo kale zaka makumi angapo pamene mgodi wa Wankie, kumene lero ndi ku Hwange ku Zimbabwe, unaphulika pa 6 Juni 1972 n'kupha anthu 427, pakati pawo Amalawi ndi anzathu a ku Zambia. Mukalowa mumgodi wa malasha muziyang'ana ngati mpweya ukuyenda, ngati akuyeza gasi ntchito isanayambe, ndipo fodya ndi machesi zizitsala kunja.

Koma chimene chinatha anzanga ambiri si denga kapena moto. Ndi fumbi. Golide amakonda kukhala m'mwala woyera wolimba wa quartz, ndipo mukamauboola kapena kuusinja umatulutsa fumbi losalala kwambiri moti lina maso saliona. Limeneli ndilo loopsa, chifukwa limalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo, silitulukanso, ndipo mapapo amachita zipsera n'kuuma. Matendawa amatchedwa silicosis. Alibe mankhwala, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Kuipa kwake n'kwakuti sabwera msanga. Mnzanga wina amene tinkagona chipinda chimodzi kukomponi anabwera kumudzi ali wonenepa, atavala suti, wailesi ili paphewa. Patapita zaka anayamba kupuma movutikira. Pomalizira pake ulendo wochokera panyumba pake kupita kutchalitchi ankaudula kangapo, atagwira mtengo, pakamwa pali yasa, chifuwa chikulira ngati muli kanthu. Anthu ankanong'onezana kuti anamulodza chifukwa cha chuma chake. Linali fumbi lija tinkapuma limodzi.

Ku South Africa boma linayamba kufufuza matendawa mu 1902, ndipo mu 1930 akatswiri a mayiko osiyanasiyana anasonkhana ku Johannesburg kukambirana za iwo okha. Yankho limene anapeza ndi lotsika mtengo: madzi ndi mphepo. Kuboola mwala kuzichitika madzi akuthira, mulu wa miyala uzinyowetsedwa musanaufosholo, ndipo mpweya uziyenda. Ngakhale zinali zodziwika chonchi, anthu zikwizikwi anadwalabe, mpaka mu 2019 khoti linavomereza kuti makampani a golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni rand kudzera ku Tshiamiso Trust, kwa odwala amene anagwira ntchito m'migodi yawo kuyambira 1965. Ambiri anamwalira asanaone ndalamazo. Inu m'dzenje lanulo mulibe kampani yoti mudzaisumire. Choncho posinja miyala muziwaza madzi, muziima mphepo ikuchokera kumsana kwanu, ndipo mugule zophimba mphuno za N95. Kansalu komanga kumaso kamangotchinga fumbi lalikulu, lakupha lija limadutsa. Mukayamba kutsokomola milungu iwiri osasiya, pitani kuchipatala, ndipo mukawauze kuti mumagwira ntchito ya miyala.

Za mercury ndinene mosabisa: ndikanakonda musamukhudze n'komwe. Ndikudziwa kuti ogula golide ena amamupereka okha, chifukwa amagwira golide msanga. Mumasakaniza ndi mchenga, golide amamatirira, mumafinya m'kansalu, kenako mumawotcha kampira kotuwako pasupuni kuti mercury auluke. Koma akauluka amapita kuti? Amalowa m'mphuno mwa wowotchayo, amamatirira kumakoma ndi kudenga la nyumba, ndipo wotsala m'matope amapita kumtsinje n'kulowa m'nsomba. Amawononga ubongo ndi impso. Manja amayamba kunjenjemera, munthu amaiwalaiwala ndi kupsa mtima pachabe, ndipo mwana amene ali m'mimba ndiye amavulala koposa. Ku Minamata ku Japan madokotala anazindikira mu 1956 matenda a anthu amene ankadya nsomba za m'nyanja imene fakitale inkatayiramo mercury, ndipo pangano la mayiko la mu 2013 lochepetsa mercury linatenga dzina la mzinda umenewo. Njira zina zilipo. Mukatsuka bwino pa ngalande yoyalidwa kapeti, n'kubwerezanso m'mbale mpaka kutsale mchenga wakuda wochepa, golide angathe kusungunulidwa ndi mankhwala otchedwa borax popanda mercury. Ngati anzanu aumirira, awotchere m'chida chotsekeka chotchedwa retort, chimene wowotcherera zitsulo angathe kupanga ndi mapaipi, ndipo azichitira panja, kutali ndi khitchini, kutali ndi amayi ndi ana.

Miyala ya kumgodi isabwere pakhomo. Mu 2010 ku Zamfara ku Nigeria ana oposa 400 anamwalira chifukwa makolo awo ankasinjira miyala ya golide m'mabwalo a nyumba zawo, osadziwa kuti m'miyalamo munali mtovu wambiri. Ana ankakwawa pafumbilo n'kumaika manja m'kamwa. Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akulimbanabe ndi mtovu m'nthaka ngakhale mgodi wawo unatsekedwa mu 1994. Ichi n'chifukwa china choyezetsera miyala yanu, kuti mudziwe zimene zatsagana ndi golideyo. Mtondo wa chimanga usasinjire mwala, beseni losambitsira mwana lisatsukire mchenga, ndipo zovala za kuntchito muzivula n'kusamba musananyamule khanda. Ana asukulu asatsike m'dzenje ngakhale atakhala ochepa thupi moti angalowe pamene inu simungathe.

Za malamulo sindichulutsa. Miyala ya mtengo wapatali ya pansi pa nthaka ndi ya dziko, ngakhale munda utakhala wa agogo anu, ndipo lamulo la migodi la mu 2023 limafuna kuti wokumba akhale ndi chiphaso. Gwirizanani ndi anzanu mupange gulu, mukatenge chiphaso cha migodi ing'onoing'ono, mulankhulenso ndi amfumu ndi eni munda poyera. M'nkhalango zotetezedwa musalowemo. Kuyambira mu 2021 Reserve Bank inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund, choncho simuyenera kugulitsa usiku kwa munthu wobwera ndi sikelo yake ndi mtengo wake. Gululo likhale ndi sikelo yakeyake. Dzenje mukathana nalo likwirireni, chifukwa mbuzi ndi ana a eni mudziwo adzayendabe pamenepo inu mutachoka.

Pali chinanso chimene ndakhala ndikuchiganizira. Mlongo wanu wakhoza bwino masamu ndi sayansi pa mayeso a Fomu 4. Ku MUBAS ku Blantyre amaphunzitsa uinjiniya wa migodi ndi kayengedwe ka zitsulo, ndipo ku MUST ku Thyolo ndi ku yunivesite ya ku Zomba amaphunzitsa za miyala. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka mwala wa rutile wochuluka zedi, ku Kanyika ku Mzimba kuli niobium, ndipo malo onsewa adzafuna anthu oyeza miyala, owerengera nsanamira ndi oyendera chitetezo cha antchito. Ine ndinatsika pansi ndi mphamvu zokha, woyeza anali wina, wolemba anali wina. Golide woyamba amene mudzagulitse, gawo lina lipite ku fizi ya mwanayu musanagule foni kapena njinga yamoto.

Loweruka mubwere kuno nonse, ndi anzanu amene mukupita nawowo. Kuseri kwa phiri kuli thanthwe lina losweka, ndikakuonetseni kagogodedwe ka denga ndi kamangidwe ka mfundo ya chingwe imene siithina munthu m'chiuno. Ndalama ya basi yopita ndi miyala ku Zomba ndipereka ine.

Ndine agogo anu.